Nyenje M'khutu la Lackson

Ndinamuuza Lackson tsiku lomwe anabwera kudzandiuza kuti wapeza ntchito pa chigayo ku Sinda. Ndinati, "Iwe, chigayo chimadya makutu. Tenga thonje ili, uzitseka injini ikamalira." Thonjelo linali la m'munda mwanga, njere ndinachita kuchotsa ndekha.

Iye anaseka. "Ambuya, inu mumaopa zonse. Njinga mumaopa, mtsinje mumaopa, foni mumati idzandiphulikira m'thumba."

"Ndimaopa, n'chifukwa chake ndafika pokalamba."

Lackson ndi mdzukulu wanga, ndinamulera ndekha mayi wake atamwalira. Anakwatira Hilda n'kukakhala chikamwini kwa mkazi wake, pafupi ndi Sinda. Thonje lija Hilda analipeza pochapa, lili m'thumba la malaya momwemo. Lackson ati amayi odzagayitsa angamuseke, komanso sangamve ngati munthu akufuna kukonoletsa kapena kugayitsa.

Anagwira zaka ziwiri. Tsiku lina chitsulo chinalowa m'chigayo pamodzi ndi chimanga, iye atawerama pomwepo kumanga thumba. Akuti kulira kwake anthu anakumva mpaka kumsewu. Mwezi womwewo Hilda anachira mwana wamwamuna.

Ine ndinali kwathu kufupi ndi Mkaika, osadziwa kanthu, mpaka a Filomena, amayi ake a Hilda, anatumiza uthenga: bwerani mudzatenge munthu wanu. Mwana akalira iye athawira kudimba, sanamunyamulepo n'kamodzi komwe. Ngati akukana mwanayu anene, ankhoswe akhale pansi ukwati uthe.

Minibasi ndimaiopa, koma ndinakwera. Lackson ndinamupeza kudimba pansi pa nthochi, wawonda, makutu onse awiri atatseka ndi thonje. Lero lino, chigayo chitadya kale!

"Lackson!"

Anadzigwira mutu. "Ambuya, chonde, pang'onopang'ono."

Ndinakhala pansi n'kumanong'ona. Anati chichitikireni ngozi ija m'khutu muli nyenje, ngati zija zimalira dzuwa la Okutobala likatentha, koma yake siipuma. Supuni ikagunda mbale, zimamubaya mpaka m'mano.

"Nanga mwana?"

"Ndimamufuna, ambuya. Ndimamuyang'ana akagona. Koma akalira, zili ngati wina akukhoma msomali muno." Analoza khutu lamanzere, misozi ili mbwee.

Ndinapita kwa a Filomena. Anali kutonola chimanga pakhonde, osandiyang'ana n'komwe.

"Asewere, mwanayu akudwala makutu."

"Makutu ati? Wodwala makutu timamudziwa, sakumva. Uyu akumva ngakhale khoswe akuyenda m'nkhokwe. Matenda omva kwambiri munawaona kuti inu?"

Nanenso ndinali ndisanawaone. Ndinangopempha kuti ankhoswe adikire kufikira ubatizo wa mwana, miyezi isanu kutsogolo. Anati, "Chabwino. Akapanda kumunyamula pamaso pa mpingo, musabwerenso kudzandipempha."

Lackson ndinamutengera kwathu, ndipo ndinachita zomwe ndimadziwa: kutseka zonse. Tambala ndinapha. Wailesi ndinachotsa mabatire. Anansi ndinawauza kuti wofuna kusinja akasinjire kutsidya, moti ena anasiya kundipatsa moni. Thonje ndinkamusinthira m'mawa ndi madzulo, ndi kumumanga duku pamwamba ngati mayi wa chigwirizano. Pakhomo panali zii, ngati kumanda.

Koma munthu ankaipiraipira. Patapita masabata atatu, ngakhale nkhuni ndikathyola ankadzidzimuka. Mwamantha ndinayamba kuganiza zina, kuti mwina wina kuchigayo anamuchitira nsanje. Hilda ndiye anabwera n'kunena kuti, "Ambuya, tiyeni kuchipatala ku Katete tisanayambe kuloza anthu zala."

Adokotala ake anali mtsikana, msinkhu wa Hilda yemweyo. Anamuvula Lackson duku, anazula thonje, anaunika m'makutu ndi katochi, kenako anamuveka zinthu zoliza timawu kuti azikweza dzanja akamva. Atatha anatembenukira kwa ine.

"Ambuya, anamuuza kuti azivala thonje tsiku lonse ndani?"

"Ndine." Ndinayankha mokweza, n'kuwonjezera kuti ndinamuchenjeza kale asanayambe ntchito kuchigayo, ndimayesa andiyamika.

"Kuchigayo munakamba zoona, akanamvera sembe sali pano. Koma manje kunyumba mukumuwonjezera. Munthu akakhala m'nyumba ya mdima mwezi wonse, tsiku lotuluka dzuwa limamuwawa m'maso. Khutu nalonso n'chimodzimodzi. Likufunika lizimva tinthu pang'onopang'ono kuti lizolowerenso. Muli ndi wailesi?"

"Ilipo."

"Muziyatsa motsitsa. Muli ndi nkhuku?"

Lackson anandiyang'ana. Koyamba chimutengereni kwathu ndinaona mano ake.

"Tambala tinadya, adokotala," anatero.

Anatiuza kuti mankhwala omeza n'kuchira mawa palibe, zitenga miyezi, ndipo masiku ena zizibwerera. Kuchigayo asapondekonso. Thonje ndi la pamalo aphokoso lenileni basi.

Pobwerera ndinkangoganiza za thonje lija. Chenjezo langa lomwe, m'malo ena mankhwala, m'malo ena poizoni.

Tinayamba ndi wailesi, motsitsa moti mawu a wowerenga nkhani ankamveka ngati udzudzu. Sabata yotsatira Lackson anakweza pang'ono. Kenako anayamba kukakhala pataliko ndi mjigo amayi akamapopa madzi, n'kumasendera tsiku ndi tsiku. Ndinapita ndekha kwa anansi kukawauza kuti abweze mitondo yawo. Anandiseka, ndinapirira. Tsiku lina galimoto inaliza hutala pafupi naye pamsewu, anagona masiku awiri osadya, ine n'kuti basi tabwerera poyambira. Tsiku lachitatu anadzuka n'kuyatsa wailesi yekha.

Hilda ankabwera ndi mwana Loweruka lililonse, amayi ake akung'ung'udza. Poyamba Lackson ankakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe, mwana ali pakhonde. Akalira, iye ankaluma mano koma osathawa. Loweruka lililonse ndinkakokera mphasa ija phazi limodzi kufupi ndi khonde, osamuuza. Pambuyo pake anandiuza kuti ankaona, ankangondisiya. Mphasa itafika pamasitepe, anamunyamula mwana ali mtulo. Koma akangoyamba kusisima, ankamubweza msanga kwa mayi wake. Pamenepo ndiye panatikanika, ndipo tsiku la ubatizo linafika tili pomwepo.

Tchalitchi cha Reformed cha kwawo kwa Hilda chinadzaza. Kwaya itayamba ndinamuyang'ana Lackson, thukuta lili pamphumi, koma anakhala. A Filomena anali pa benchi yakutsogolo, ankhoswe awiri kumbali ya abambo. Abusa ataitana, Hilda ndi Lackson anapita kutsogolo, mwana ali m'manja mwa mayi wake. Anamutcha Martin. Madzi atangomukhudza pamutu, mwana uja anakuwa kukuwa kumene sindinamvepo, malata a tchalitchi n'kumabweza.

Ndinatseka maso. Ndinkadikira kumva mapazi akuthamangira kukhomo.

Nditatsegula, Lackson anali atatambasula manja. Hilda anakayika kaye, kenako anamupatsa. Anamuika paphewa lakumanja, nkhope itakwinyika, n'kumamusisita kumsana. Mwana analira pemphero lonse, ndipo abusa aja popemphera safulumira. Lackson anaima pomwepo mpaka ameni, mpaka kulira kunasanduka kusisima.

Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandigwira dzanja.

Panja a Filomena anabwera, anamuyang'ana mkamwini wawo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mukumugwira ngati thumba la mgaiwa. Chirikizani khosi, bambo a Martin."

Anamukonza dzanja okha. Ankhoswe anadya nkhuku n'kubwerera kwawo opanda mlandu wokamba.

Lackson anabwerera kuchikamwini sabata yomweyo. Tsopano amalima tomato ndi kabichi kudimba, n'kumakagulitsa pamsika ku Sinda, pakati pa mahutala ndi anyamata oitanira minibasi. Khutu lakumanja linachira. Lamanzere limamva moperewera, ndipo nyenje ija sinachokeretu: akuti inachepa, masiku ambiri amaiiwala, koma kukakhala bata masana imabwera. Adokotala anati mwina adzakalamba nayo. Paukwati akangoyatsa masipika, iye amene ankavina mpaka fumbi kobo, amatsanzika n'kunyamula mwana wake kupita kunyumba.