Diso Lakumanzere la a Hayasaka

Tiyi wachitatu anali atazizira m'manja mwa a Michiyo, koma amuna awo anali akadali panja, atagwada pambali pa galimoto yofiira, akusuzumira kunsi kwake. Mphepo yochokera kuphiri la Akagi inkaulutsa fumbi pabwalo lonse logulitsirapo galimoto zogwirapo kale ntchito. Linali Lamulungu lachisanu ndi chiwiri motsatizana, ndipo a Michiyo anali atafika pozidziwa magazini zonse za mu ofesimo mpaka masamba ong'ambika.

A Tetsuo Hayasaka anapuma ntchito chaka chapitacho pafakitale yopanga makatoni, atagwirako zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Zaka zonsezo ankaimba nyimbo imodzi, yakuti akadzapuma adzagula galimoto ya mjaho, ya mipando iwiri, yosanyamula mwana, thumba la mpunga kapena apongozi. A Michiyo sanakanepo. Munthu wakhala akudzuka mbandakucha moyo wake wonse, bwanji osamuleka agule choseweretsa chake? Chomwe sankadziwa n'chakuti kusankhako kudzasanduka ntchito ina yopanda malipiro, ndipo iwonso adzalembedwa osafunsidwa.

Galimoto zinali ziwiri. Yofiira inali ya zaka makumi atatu, yopapatiza, yotsika moti pokwera munthu umachita ngati ukukhala pamkeka. Ndi mtundu womwe a Tetsuo ankausirira kale mwana wawo ali wakhanda, ndalama zonse zikuthera mkaka ndi matewera. Yotuwa inali ya zaka zisanu ndi ziwiri zokha, yotakata, yodzaza ndi timagetsi.

Nkhani yake a Michiyo anali atailoweza pamtima. Yofiira ndi yotsika mtengo pogula, koma boma limakweza msonkho galimoto ikapitirira zaka khumi ndi zitatu. Mafuta imachita kugugudiza. Zipangizo zake n'zosowa, ndipo pa zaka ziwiri zilizonse iyenera kukaunikidwa, komwe galimoto yokalamba siipezeka ndi vuto limodzi lokha. Yotuwa ndi yodula lero, koma pa zaka khumi imapambana kutalitali. Vuto linali lakuti apolisi sapereka chikalata cha malo oimikapo galimoto asanabwere kudzayeza pakhomo, ndipo yotuwayo inkapitirira ndi chikhatho chimodzi chifukwa cha mtengo wa mapulamu wa a Michiyo. Kukachita lendi malo ena kukanadya zonse zomwe yotuwayo ikanapulumutsa. Akafika pamenepo, a Tetsuo ankausa moyo n'kuyambiranso poyamba.

Mwini malowo, a Kuramochi, analowa akupukuta fumbi pajekete yawo yachikasu. Anali munthu waulemu, koma ulemu wawo unali utayamba kuperepeseka m'mphepete.

"Mayi, ndithirenso tiyi?"

"Mukathiranso ndiyandama. Kodi simungawathamangitse?"

A Kuramochi anaseka mopanda mphamvu, kenaka anafotokoza zomwe zinawabweretsa. Panali munthu wina wotumiza galimoto zakale kunja kwa dziko, yemwe anali ataimba foni kawiri kufunsa yofiirayo. Anthu oterowo sagwada pansi, safunsa za msonkho, amangotumiza lole. A Kuramochi anati aisunga mpaka Lachitatu chifukwa cha kuzolowerana, kupitirira apo sangathe.

"Mwawauza?"

"Ndawauza. Andifunsa mtengo wa matayala a yotuwa."

A Michiyo anaika kapu pansi. Anali atatopa, ndipo kutopa kwawo sikunali kwa Lamulungu lokha ayi. M'mwezi wa Novembala anaperekeza amuna awo kwa dokotala wa maso. Dokotalayo anawaonetsa chithunzi chozungulira chokhala ndi mdima mbali imodzi, n'kunena kuti nthendayo imadya kuona kuyambira m'mphepete, pang'onopang'ono, ndipo diso lakumanzere linali patsogolo. Mankhwala amangoichedwetsa. Pakadali pano akhoza kuyendetsa masana mosamala, koma chiphaso chawo choyendetsera galimoto chikadzatha pa zaka ziwiri, asadzadabwe akadzalephera. Pobwerera kunyumba a Tetsuo anangoti madokotala achinyamata amakonda kukokomeza. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyo sinatulukenso pakamwa pa aliyense, koma mawu akuti "pa zaka khumi" ankamveka m'nyumbamo m'mawa, masana ndi madzulo.

A Michiyo anavala chikhoto chawo n'kutuluka kuti akawakoke azipita. Anapeza amuna awo atasamukira m'galimoto yotuwa, injini ikulira, akupempha a Kuramochi kuti ayendenso mbali yakumanzere ngati sabata yatha. Galimotoyo inali ndi kachipangizo kolira chinthu chikayandikira m'mbali. A Kuramochi anayenda momvera, kuchokera kumbuyo, mwapang'onopang'ono. A Michiyo anaima kutsogolo, moti nkhope ya amuna awo ankaiona bwino kudzera pagalasi.

Jekete yachikasu ija inafika pafupi ndi zenera. Munthu aliyense akanaiona, ngakhale atayang'ana kutsogolo. A Tetsuo sanaphethire n'komwe. Kachipangizo kaja katalira m'pamene anadzidzimuka n'kutembenuza mutu wonse, n'kumuona munthuyo ali pafupi chonchi. Anati ayesenso. A Kuramochi anabwereza, ndipo zinachitika chimodzimodzi.

Mtima wa a Michiyo unagwa. Masabata asanu ndi awiri onsewa ankaganiza kuti mwamuna wawo waiwala dala za dokotala uja. Tsopano anaona kuti sanaiwale ngakhale tsiku limodzi. Za msonkho ndi mafuta zinali chophimba chabe. Munthuyo ankafuna yofiira ndi mtima wonse, koma ankaopa kuiyendetsa popanda wina womuuza za kumanzere, ndipo kuvomera zimenezo pakamwa kunkamukanika.

Anabwerera kunyumba m'kagalimoto kawo koyera. Potsika, a Michiyo anayang'ana chitseko cha mbali yawo. Panali mikwingwirima itatu yomwe anauzidwa kale kuti inabwera chifukwa cha mitengo yachitsulo ya pasitolo yomwe anthu amaizika mopanda nzeru. Yonse inali kumanzere.

Atadya chakudya chamasana, a Michiyo anamva tepi yoyezera ikukhetemuka panja. Anasuzumira pazenera la kukhitchini. A Tetsuo anali atagwada pakati pa khoma ndi mtengo wa mapulamu, akuyeza malo omwe anali atawayeza kale mwina kakhumi. Mtengowo unali utayamba kuphukira maluwa oyera. Zaka makumi atatu a Michiyo akhala akutchola zipatso zake mu Juni n'kuziika mumchere, ndipo mwamuna yemweyo sankadya mpunga wam'mawa popanda pulamu limodzi. A Michiyo anapukuta m'manja n'kutuluka.

"Bambo, mtengowu wasuntha usiku?"

"Ndimangoona ngati ndinalakwitsa."

"Simunalakwitse. Chikhatho chimodzi. Ngakhale mphaka wa aneba athu a Shimoda akudziwa."

A Tetsuo anapinda tepi. Anayamba kufotokoza kuti akaganizira bwino, pa zaka khumi, ngakhale atachita lendi malo kuseri kwa sitolo ya mankhwala, mwina yotuwa ikhozabe kupambana pang'ono, pokhapokha ngati matayala...

"Werengerani ziwiri," anatero a Michiyo.

"Ziwiri chiyani?"

"Zaka ziwiri. Khumi mwazitenga kuti? Ndinali m'chipinda chomwecho ine, dokotala sanalankhule Chingerezi."

A Tetsuo anakhala pamwala wa m'mphepete mwa khoma. Sanakwiye, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawapweteka kwambiri a Michiyo. Akanakonda atawakalipira. Koma a Tetsuo anangokhala, tepi ili m'manja, tsitsi loyera likuuluka ndi mphepo.

"Pa zaka ziwiri," anatero a Tetsuo, "yofiira ndiyo yotchipa. Kuunikitsa kamodzi kokha. Ndipo pogulitsa siitsika mtengo."

"Ndiye munawerengera kale."

"Mu Disembala."

"Nanga masabata onsewa mwandimwetsa tiyi wa a Kuramochi chifukwa chiyani?"

Anayankha atayang'ana pansi. Anati yofiirayo ilibe kanthu kalikonse kochenjeza, ndi chitsulo, chiwongolero ndi munthu basi. Sabata ziwiri zapitazo, pamphambano ya pafupi ndi positi ofesi, mayi wina wapanjinga anangotulukira pamphuno pa galimoto ngati wachokera pansi. Sanamugunde, mayiyo mwina sanadziwe n'komwe, koma iwo anakaima pambali nthawi yaitali asanayendenso. Yotuwa ikanalira. Koma kuti yotuwa ilowe pakhomo pano, mtengo uyenera kugwa, ndipo sakanatha kupempha zimenezo chifukwa cha galimoto yomwe sankaikonda n'komwe, yoti adzaiyendetsa zaka ziwiri.

"Ndiye ndinaganiza kuti ndizingoyeza mpaka zonse zitagulidwa ndi ena," anamaliza motero. "Kenaka ndizidzati ndinachedwa."

A Michiyo anayang'ana mtengo, anayang'ana mwamuna wawo. Anamva chisoni, komanso anapsa mtima, chifukwa munthu wamkulu ndithu anasankha kuvutika yekha pambali pa msewu kusiyana n'kuuza mkazi yemwe amagona naye chipinda chimodzi. A Michiyo sanaphunzirepo kuyendetsa. Moyo wawo wonse wam'banja anaukhala pampando wakumanzere, atanyamula chikwama pamiyendo, akuyang'ana pazenera popanda wowatuma.

"Kachipangizo kako kaja kamadya chiyani?" anafunsa. Nthawi zina akapsa mtima ulemu unkawapulumuka.

"Sikadya kanthu."

"Ine ndimadya. Ulendo uliwonse mundigulira mbale ya chakudya cha soba, osati ya pasiteshoni. Lembani pa zolipira zanuzo, pansi pa mafuta. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikulira m'khutu lanu lakumanzere kwaulere, lero mukukasirira kachitsulo?"

A Tetsuo anatsegula pakamwa, koma akazi awo anali asanamalize. Anaika malamulo awo ali chiimire. Galimotoyo siidzatuluka pageti iwo mulibe, ngakhale kukagula nyuzipepala. Masana okha, mvula ikagwa ayi. Akanena kuti dikirani, palibe kufunsa chifukwa. Ndipo tsiku lomwe iwo adzanene kuti basi zakwana, kaya zaka ziwiri zatha kaya sizinathe, chiphaso chikabwezedwa kupolisi tsiku lomwelo, popanda kuyeza kalikonse.

"Lomalizalo ndi lolemera," anatero a Tetsuo.

"Lolemera kwa ine. Inu mudzangomva."

M'mawa mwake a Michiyo anaimbira foni a Kuramochi kuti yofiirayo aigula, kenaka anakwera njinga yawo kukatenga mafomu kupolisi, poopa kuti akatuma amuna awo akafika kwa a Kuramochi n'kuyambanso kufunsa za matayala. Anajambula okha mapu a pakhomo, mtengo anauika pamalo pake. A Tetsuo anadinda chidindo chawo. Patapita masiku atatu kunabwera bambo woyeza, anatambasula tepi yake, anayamikira maluwa, n'kumapita.

Anakaitenga galimoto yofiirayo kumapeto kwa Malichi, Loweruka m'mawa, atasiya kagalimoto koyera kaja komweko. A Kuramochi anawerama nthawi yaitali, ndipo a Michiyo anakayikira kuti theka la kuweramako linali kuthokoza kuti tiyi wawo wapulumuka. Kukwera kunali ntchito. A Michiyo anachita kugwira denga, kulowetsa mwendo umodzi, kenaka kudziponya, mawondo akudandaula. M'katimo munkanunkha mafuta ndi chikopa chakale. Injini italira, a Tetsuo anamwetulira ngati mmene anamwetulirira tsiku lomwe anauzidwa kuti mwana wabadwa, ndipo a Michiyo anayang'ana kumbali kuti amuna awo asawaone akupukuta m'maso.

Pageti panali msewu waukulu. A Tetsuo anaima, anayang'ana kumanja, kenaka anatembenuza mutu wonse kumanzere monga anali atazolowera, n'kubwerera. Phazi lawo linayamba kunyamuka pabuleki.

"Dikirani."

Galimoto inagwedezeka n'kuima. Bambo wachikulire wapanjinga, atanyamula anyezi m'basiketi, anadutsa pamphuno pawo osawayang'ana n'komwe. A Tetsuo anamutsatira ndi maso mpaka atapita, manja atakanirira pachiwongolero. Sanafunse kanthu.

A Michiyo anayang'ananso kumanzere, bwinobwino, mpaka kumapeto kwa msewu. Anadziwa kuti ntchito ayiyamba, yopanda tchuthi, ndipo kuti tsiku lina pakamwa pomwepa padzayenera kutuluka mawu ena aja. Koma tsikulo silinali lero. Anakonza chikwama pamiyendo.

"Kumanzere kuli bwino, bambo. Tiyeni."