Bokosi la Pageti ku Nuaija

Swaleh ankatsuka galimoto ya bwana wake kunja kwa mpanda pamene chigalimoto chokokolola mchenga chinatulukira pakona. Chimphepo cha dzulo lake chinali chitakwirira ndi mchenga misewu ya ku Nuaija, dera la mumzinda wa Aluya kumene iye ankagwira ntchito. Chigalimotocho chinabwera chikukankha mulu wa mchenga ndi chitsulo chake chakutsogolo, ndipo pofika pageti nsonga ya chitsulocho inakola bokosi la makalata. Mzati unapindika, bokosi n'kugwa chagada.

Chiyambireni mliri wa korona, bwana sankalola wobweretsa katundu aliyense kulowa mumpanda. Zonse, ngakhale mankhwala a mayi awo okalamba, zinkasiyidwa m'bokosimo.

Dalaivala anatsika. Anali bambo wa ku Nepal, wochepa thupi, wa imvi m'mutu. Anayang'ana bokosi, anayang'ana Swaleh, kenako anagwirizanitsa manja pachifuwa. M'Chingerezi chothyokathyoka anati kukampani anamuchenjeza kale, ndipo akamva izi amukweza ndege kubwerera kwawo. Koma maso a Swaleh anali atawerenga kale nambala ya galimotoyo.

Bwana atatuluka, chigalimoto chitapita kale, sanafune kumva zambiri. Lamulo latsopano linali litangolola antchito kusintha ntchito popanda chilolezo cha owalemba, ndipo Swaleh anali atapereka notisi yoti akayambe kuyendetsa basi ya hotela ina ku Ras Abu Aboud. Kuyambira pamenepo bwana ankamuyang'ana ngati wakuba. Tsopano anati ndi iyeyo wagunda bokosi pobweza galimoto, mwadala, ndipo akamusumira kupolisi aone ngati hotelayo idzalembe munthu wa mlandu.

Swaleh atalumbira kuti ndi chigalimoto cha mchenga, bwana anaimbira kukhonsolo. Kumeneko anamuuza kuti amabwezera bokosi pokhapokha chitsulo chitaligunda, ndipo mboni itchule nambala. Likagwa ndi mchenga wokankhidwa, mwiniwake adzionere yekha. Munthu wawo abwera m'mawa kudzaona.

Madzulo Swaleh anakhala pakhomo la khitchini, mpunga ukuzizira m'mbale. Mwanaisha, mayi wa ku Machinga amene ankaphika m'nyumbamo, anamuyang'ana kuchokera pa sinki.

"Achimwene, mbaleyo yakulakwirani chiyani? Kapena mwayamba Ramadani yanuyanu?"

Anawafotokozera zonse. Akatchula nambala, bambo uja ntchito yatha. Akati ndi mchenga, khonsolo silipira, ndipo bwana abwerera pa iye.

"Chifundo chinapha nkhwali," anatero Mwanaisha akupukuta manja. "Ana anu ku Mangochi adzadya chifundocho?"

"Achemwali, nayenso ali ndi ana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Ndiye chafika kale pa inu. Mwagunda ndinu? Khalasi, basi, nenani zimene mwaona."

Koma mtima wa Swaleh sunakhale pansi. Anaganiza za zaka zimene anapirira m'nyumbamo, kudzutsidwa nthawi iliyonse, kutukwanidwa pamaso pa alendo. Kuhotela kunali tsiku lopuma. Anaganizanso za manja aja pachifuwa. Iye mwini anaimapo motero pamaso pa anthu, kangapo konse.

M'mawa kunabwera mnyamata wa kukhonsolo atavala masiki ndi magolovesi. Anajambula bokosi, anagwada n'kupapasa pamene linaphwanyika. Bwana anaima chapatali atapinda manja. Mnyamatayo anafunsa Swaleh ngati linagwa ndi mchenga kapena chitsulo.

Swaleh anayang'ana mseu, ngati kuti yankho lina litulukira pakona.

"Chitsulo," anatero.

Atafunsidwa nambala, anaitchula yonse osaphonya.

Patapita masiku anabwera amisiri n'kudzala bokosi latsopano, laling'ono kuposa lakale lija. Bwana anadandaula za kuchepa kwake, koma za polisi sanazitchulenso. Mwanaisha anaphikira Swaleh tiyi wa mkaka n'kumuuza kuti Mulungu wamuona.

Sabata yake yomaliza m'nyumbamo chimphepo chinabweranso. Atamva phokoso la chigalimoto chija, Swaleh anasiya ndowa n'kuthamangira kugeti. Nambala inali yomweyo. Pachiwongolero panali mnyamata wina wandevu, amene anakhotetsa chitsulo mosamala kwambiri podutsa pabokosi.

Swaleh anamuimitsa ndi dzanja n'kumufunsa za bambo wa imvi amene ankayendetsa kale. Mnyamatayo anati sakumudziwa, wayamba kumene ntchito, ndipo anafunsa dzina la munthuyo.

Dzina la bamboyo Swaleh sanalifunse tsiku lija. Anasuntha kuti galimoto idutse.