Mayina Awiri a Miriam

"Amayi, masamu mwana wanu anapeza 8. Ngakhale mubwere ndi abusa, 8 sangasanduke 4," anatero Gertrude uku akubweza fomu pawindo.

Linali Lachitatu, sabata ya madandaulo pa koleji ina ya unamwino ku Limbe, ndipo wolandira madandaulowo anali Gertrude Fachi. Ntchito yotukwanitsa imeneyo! Aliyense amene dzina la mwana wake silinatuluke ankabwera atanola pakamwa, wina ndi misozi, wina ndi mwano, wina ndi dzina la msuweni wake wa ku Nyambadwe amene akuti ndi munthu wamkulu. Zaka zisanu ndi zinayi pawindo limenelo zinamuumitsa nkhope Gertrude, moti anzake ankamutcha Mayi Sizitheka.

Kenako panafika mtsikana wochepa thupi, wovala siketi yosokedwa mwaluso. Sanalire, sanakuwe. Anangoyala mapepala ake.

"Ndine Miriam. Andikana ati ndinabwera ndi setifiketi ya munthu wina. Setifiketiyo ndi yanga."

Gertrude anatsegula fayilo. Mapointi 14, mayeso apakamwa anakhoza bwino lomwe. Koma setifiketi ya Fomu 4 inali ya Miriam Nyamizinga, pomwe chiphaso cha unzika chinali cha Miriam Alufandika. Pamwamba pa fayilo, bwana Chrispine, mkulu woona za kalembera, anali atalemba ndi inki yofiira: wachinyengo.

"Nanga pa anthu awiriwa, iweyo ndiwe uti?"

"Onse ndine, amayi."

Nkhani yake inali yotere. Bambo ake, a Alufandika, anamwalira ku Nsanje iye ali ndi zaka ziwiri, mayi ake n'kutsatira chaka chomwecho. Mlongo wa mayi akewo, a Paston Nyamizinga, telala wa pakhonde ku Limbe, anamutenga kukakhala naye ku Chinyonga, ndipo kusukulu anamulembetsa dzina lawo ngati ana awo onse. Atakwanitsa zaka 16 anapita ku Nsanje kumaliro a agogo ake akuchimuna. Kumeneko abale a bambo ake anamugwira dzanja mpaka kokalembetsa unzika, ati magazi a Alufandika sangalowe m'buku la boma ndi dzina la akuchikazi.

"Amalume ako anazidziwa?"

"Ndinawabisira zaka zitatu. Azidziwira pa kalata yanu yondikanayi."

Gertrude anayang'ananso mapepala awiri aja. Iyeyo kwawo n'ku Bangula, ku Nsanje komweko, ndipo ankadziwa kuti kumeneko mwana ndi wa kuchimuna, za dzina saseweretsa. Apa panalibe chinyengo. Anatseka windo, anthu a pamzere akung'ung'udza, n'kulowa mu ofesi ya bwana Chrispine.

"Mayi Sizitheka, lero mwabwera kudzapempherera munthu? Mvula igwa," anatero bwanayo akuseka.

"Bwana, mwana uyu tamulakwira."

"Wadzilakwira yekha. Mapanga awiri avumbwitsa. Chaka chatha sitinagwire atatu olowa ndi masetifiketi a azichemwali awo? Malo akewo tikupereka kwa woyamba pa mndandanda wa odikira."

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, bwana. Wabadwira kwina, wakulira kwina. Tiwalange ana amasiye onse chifukwa analeredwa?"

Bwana Chrispine anavula magalasi. Sanali munthu woipa, kungoti ankakonda fayilo yotseka kuposa yotsegula.

"Komiti ikumana Lachisanu 2 koloko. Womulerayo akalumbire kwa loya kuti si bambo womubereka, abwere yekha ndi chikalatacho. Akachedwa ndi mphindi imodzi, musandiyang'ane. Ndipo dziwani kuti ife timalemba dzina la pa chiphaso, osati la malume."

Gertrude atamuuza Miriam zimenezi, mtsikanayo anagwetsa nkhope koyamba.

"Ababa sabwera," anatero, akunena amalume ake aja. " Chiwerengereni kalata ija sakundiyankhula. Chakudya chophika ine sakudya."

Lachinayi linafika, m'mawa wonse a Paston osaoneka. Gertrude anayesa kudziuza kuti ntchito yake imathera pawindo. Koma liwu lofiira lija limamubaya m'maso nthawi iliyonse akasuzumira pa desiki. Nkhomaliro itakwana anasiya kontena yake ya chakudya osatsegula, n'kutsetsereka wapansi, akuzemba ma minibasi ndi anyamata oitanira, mpaka pakhonde la sitolo imene Miriam anamulozera.

Anawapeza a Paston akupalasa makina. Anali bambo wa imvi, tepi ili m'khosi, mapini awiri ali pakamwa.

"Mwaswera bwanji, bambo? Ndachokera ku koleji."

Makina anaima. A Paston anachotsa mapini aja mmodzimmodzi.

"Mwasochera, mayi. Kwa Alufandika n'ku Nsanje. Mukwere basi, mukatsike pa boma, mukafunse."

"Ndafuna amene analera mwana."

"Kulera! Mukudziwa kulera inu? Anabwera kwanga mutu uli ndi zipere, miyendo ngati timitengo. Anthu amenewo analiko? Atagonekedwa m'chipatala sabata zitatu, anabwera ndi lalanje ngakhale limodzi? Yunifolomu iliyonse kuyambira Sitandade 1 yatuluka pa makina ano. Ndiye lero ndikaime pamaso pa loya, ndigwire Baibulo, ndinene kuti si mwana wanga? Ine ayi. Amene anamupatsa dzina akamulumbirire."

Anthu odutsa anayamba kucheuka. Gertrude anadzikhazika yekha pa benchi ya makasitomala, osadikira kuti amulandire.

"Zoti mwapwetekedwa sindikutsutsa. Koma mwana wa zaka 16, pamaliro, azibambo asanu atamuzungulira, mumati akane bwanji? Inu ndi ine kwathu n'kumodzi, tikuwadziwa. Anakubisirani chifukwa amaopa zimene mukuchitazi."

A Paston anawerama, n'kutulutsa jumbo pansi pa makina. M'menemo munali diresi loyera mbee, lopindidwa bwino. Pa thumba la pachifuwa panali zilembo za ulusi wobiriwira, zopeta pamanja: M. Nyamizinga.

"Ndinasoka tsiku limene anabwera ku mayeso anu apakamwa aja. Sanalione. Tandiuzani zoona, mayi. Ndikalumbira, pa dipuloma mudzalemba dzina liti?"

Apa Gertrude akanatha kuzungulira, monga amachitira anthu a m'maofesi. Koma bodza silimanga mudzi.

"La pa chiphaso. Alufandika."

"Ndiye ndisaine ndekha kuti dzina langa lifufutidwe."

"Eya. Mukapanda kusaina, dzina lanu likhalabe pa setifiketi ya Fomu 4 ija, yokhala m'sutikesi, ili ndi chidindo cha wachinyengo kumbuyo kwake. Mwana azigulitsa tomato ali Nyamizinga. Sankhani nokha, bambo. Mawa 2 koloko."

Anawasiyira fomu yolumbirira pa makina, n'kunyamuka. M'njira anadzifunsa: kapena wawayankhula mopyola? Anafika ku ofesi mochedwa, bwana Chrispine akuloza wotchi.

Lachisanu Miriam anafika 8 koloko n'kukhala pa benchi ya panja. Anati amalume ake anatuluka m'mawa osatsanzika. 12 koloko inadutsa, kenako 1 koloko. A komiti anayamba kulowa mmodzimmodzi. Bwana Chrispine anadutsa pawindo, fayilo ya wodikira uja ili kukhwapa.

"Mayi Sizitheka, lero zatheka?"

"Nthawi ikadalipo, bwana."

Kutatsala mphindi khumi kuti 2 koloko ikwane, pageti panalowa bambo wa jekete lakuda la kutchalitchi, thukuta lili kamukamu, atanyamula chikwama cha pulasitiki. Miriam anadzuka, koma iwo anangomudutsa osamuyang'ana.

M'chipinda cha komiti a Paston anapereka chikalata cha loya, chidindo chili chofiira. Kenako anakhuthula chikwama chija patebulo. Munali malipoti a kusukulu kuyambira Sitandade 1, onse osainidwa ndi dzanja lawo, kadi ya sikelo yothothoka m'mbali yokhala ndi dzina la Alufandika, ndi chithunzi cha kamtsikana ka zipere katavala yunifolomu yofika m'mapazi.

Wapampando, mayi wachikulire amene anakhalapo namwino, anawerenga chikalatacho mokweza. Fomu inali ndi mzere wakuti "Ine si bambo womubereka", ndipo pansi pake loya anali atawonjezera mawu ena ndi dzanja: "koma ndine bambo womulera."

"Mawu owonjezerawa abwera bwanji?" anafunsa bwana Chrispine.

"Ndinakana kugwira Baibulo mpaka atawalemba," anatero a Paston. "N'chifukwa chake ndachedwa."

Wapampando anabisa kumwetulira. Anafunsa Miriam dzina la mphunzitsi wake wa Sitandade 3, n'kuyang'ana pa lipoti. Anayerekeza zithunzi. Kenako anatembenukira kwa a Paston.

"Bambo, mukumvetsa kuti tikamulandira, timulemba Alufandika?"

A Paston anayang'ana chithunzi chija patebulo.

"Lembani. Dzina silibaya jakisoni."

Bwana Chrispine anatenga cholembera chake chofiira chomwe chija, n'kukhwatcha liwu lakuti wachinyengo. Sanapepese, koma anakhwatcha kawiri.

Panja, Gertrude anapatsa Miriam fomu ya ophunzira atsopano kuti alembe pomwepo. A Paston anakhala kumapeto kwa benchi, atatembenukira kumbali. Anapisa m'jekete n'kutulutsa jumbo ija, ndi kalezala. Anayala diresi loyeralo pamiyendo, n'kuyamba kudula ulusi wobiriwira uja, chilembo chimodzichimodzi, kuyambira kumapeto.

Miriam analiona diresilo koyamba. Cholembera chinagwa pansi.

"Ababa, musaphwasule."

"Ukufuna akakugwirenso kuti wavala diresi la munthu wina? Lemba fomu uko. Ndipo usalire pamenepa, nsalu yoyera imadetsedwa msanga."

Anali mawu awo oyamba kwa iye m'masiku asanu ndi anayi.

Fomu itabwerera pawindo, Gertrude anaiyang'ana mzere ndi mzere monga mwa ntchito yake. Dzina: Miriam Alufandika. Pa mzere wa kholo panali mabokosi awiri, lina la bambo, lina la womulera. Miriam anali atachonga la bambo, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu: Paston Nyamizinga.

Mwa lamulo, Gertrude amayenera kubweza fomuyo kuti akonze. Anayang'ana panja, pomwe a Paston anali kutola tiziduswa ta ulusi pa thalauzi lawo n'kumaika m'thumba la jekete. Anatenga chidindo, n'kudinda.

"Wotsatira!" anakuwa.