Mphukira za a Lezala

Ntchito yanga ndi yotsuka timagalasi mu labu ya pakoleji. Bambo amene ndinkagwira nawo m'chipinda chimodzi tinkangowatchula a Lezala, chifukwa lezala silinkachoka m'manja mwawo. Ankadula mlulu, udzu wa m'dambo uja wa tsinde la ngodya zitatu. Ankaudula mopingasa, kachidutswa kopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kukanyika m'mankhwala ofiira ndi obiriwira, kenako n'kukamata pa kagalasi kuti ophunzira aziona pa maikulosikopu.

Tsiku lina anandiitana. "Achimwene, siyani thovulo, dzaoneni kuno."

Ndinasuzumira, ndinaona timadontho tambirimbiri.

"Imeneyo ndi mitsempha ya mlulu," anatero. "Mofiiramo mumakwera madzi, mobiriwiramo mumayenda chakudya chochokera kumasamba. Inuyo mukanakhala mlulu, bwenzi muli ndi yachakudya yokhayokha."

Chimene ankafuna ndi kudzaza bokosi limodzi loonetsa mmene mitsemphayo imayambira mpaka kukhwima, m'tsinde ndi m'tsamba momwe. Za mlulu wokhwima anali atamaliza. Zinatsala za mphukira, zongotuluka kumene m'matope, mitsempha isanalimbe. Koma shuga anali atayamba kuwadya maso. Adokotala anawauza kuti diso lamanja latha, lamanzere likutsatira. Ndiye ankathamanga.

Mluluwo anaudzala m'mabeseni kuseri kwa nyumba yawo, poti pakoleji otchetcha kapinga anawasengera kale kamodzi. Mphukira zitangoyamba kutuluka, iwo anagwa kubafa n'kugonekedwa m'chipatala. Akazi awo, amene ine ndimawatchula alamu, anauzidwa mawu amodzi okha: "Mundisamalire mabeseniwo."

Alamu anasamaladi. Ndi mayi wa dimba, dzanja lawo limabereketsa. Ankathirira m'mawa ndi madzulo. Ataona kuti mlulu wathithikana, anapatulira monga amachitira ndi karoti. Anazula tating'ono tonse, n'kusiya zikuluzikulu kuti zikule bwino.

Tsiku lotuluka m'chipatala ndine ndinawanyamulira chikwama. Sanalowe n'komwe m'nyumba, analunjika kuseri. Anagwada n'kuyamba kupapasa m'matope ndi zala.

"Mayi, tiana tija tili kuti?"

"Ndinazula, bambo. Timangolanda chakudya. Tagwirani awa mmene anenepera."

A Lezala anagwira tsinde limodzi, n'kulisisita kuyambira pansi mpaka kunsonga.

"Anenepadi," anatero. "Mwagwira ntchito."

Ine ndinazyolika. Alamu atandiona nkhope anazindikira. Anathamangira kudzala, koma anapeza zouma kale, nkhuku zitapalasa.

Kunja kunali kutayamba kuzizira, mlulu unachedwa kuphukanso. Pamene unkaphuka, diso lamanzere linali litatsala nkhungu yokhayokha, ndipo ntchito anali atawapumitsa. Komabe anabwera Loweruka lina masana, alamu atawagwira mkono, mphukira zili m'chitini cha madzi. Ndinawatsegulira.

Anakhala pa mpando wawo wakale, n'kudula mongomva ndi zala. Manja ankaidziwabe ntchito. Anadonthezera madzi pa kagalasi, anaika kachidutswako, n'kugunditsa diso pa maikulosikopu. Anapotokola kachitsulo ka pambali, kupita uku, kubwerera uku, nthawi yaitali.

"Achimwene, taonani inu. Koma mundiuze zoona."

Ndinasuzumira. Chinali chidutswa chokhuthala, chakuda bii, chong'ambika mbali imodzi. Kuwala sikunkadutsa. Alamu anali ataima pakhomo, akundiyang'ana ndi maso opempha. Ndinaganiza zonama, koma kagalasi kameneko kakanalowa m'bokosi, ophunzira n'kudzaseka dzina lawo.

"Chakhuthala, a Lezala. Palibe chikuoneka."

"Chabwino. Ndipatseni ina."

Anadulanso, chimodzimodzi. Anadulanso, chinaphwanyika. Alamu ankatola mphukira m'chitini n'kumawapatsira m'manja. Kenako lezala linaterereka n'kulowa m'chala chachikulu. Magazi anadontha pa tebulo.

"Mayi, yatsala ina?"

Alamu anapisa m'chitini, anavundula madziwo ndi zala.

"Zatha, bambo. Ndikanangozisiya zija..."

"Iyayi, musayambe. Ndani anakuuzani kuti ndimafuna zowonda? Munthu wodwala ndine, ndinalankhula theka."

Alamu anawamanga chalacho ndi mpango. A Lezala anapukuta lezala pa thalauza, analipinda m'kapepala kake, n'kuliika pa tebulo.

"Tsukani magalasiwo, achimwene," anatero. Anaimirira, anatambasula dzanja. "Khomo lili mbali iti?"