Mzere Umene Ndinaonjeza Mwakabisira

A Jairos Daka anandiphunzitsa masamu ku Chiparamba ndili kamtsikana kosadziwa n'kupesa tsitsi komwe. Cholembera chawo chofiira tinkachiopa kuposa chikoti. Ukalakwitsa ankalemba mtanda waukulu woti ngakhale wokhala kumbuyo kwa kalasi auone.

Mu 1996 tinakumananso pa kaofesi kothandiza aphunzitsi ku Kapata. Ine ndinali wosamalira kompyuta, iwo atapuma ntchito koma pakhomo pakuwayabwa. Kompyuta yake inali imodzi, yopatsidwa, yokalamba, memore yake, malo osungira zimene ikugwira pa nthawiyo, yochepa zomvetsa chisoni. Ukangotsegula zinthu ziwiri, basi yayamba kubuula.

Wina aliyense akanangoti tipemphe ina. A Daka ayi ndithu. Anaitanitsa mabuku, n'kuphunzira okha chilankhulo cha makinawo, mpaka kulowa m'kati mwenimweni, mu kenelo, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse. Kenelo yathuyo inali yaulere, yolembedwa ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana amene ankatumizirana zosintha pa imelo. Ntchito ina ya kenelo ndi kugawa memore. Imaidula m'tizigawo totchedwa mapeji, n'kumabwereketsa kwa mapulogalamu. Zili ngati mbale za pamaliro: wadya, tsuka, bweza, kuti ena adyerepo.

Miyezi isanu a Daka anakhalira chigawo chimenecho. Analemba mizere 212, ndipo zoonadi makina anapepuka. Abale inu, mmene ananyadira mkuluyo! Anati azitumiza kwa eni kenelo kuti zithandize onse a makina osauka ngati athu, dzina lawo lili pamwamba. Koma anthu aja anali ndi khalidwe lawo: zosintha zisanatumizidwe, wina aziwerenge kaye.

"Iwe Tamiwe," anatero akundipatsa mapepala, "uwerenge mzere uliwonse. Usandichitire manyazi."

Ndinawerenga, ndinayesa milungu iwiri yathunthu, osaona vuto. Ndinawauza kuti zonse zili bwino, ndipo tinagwirizana kuti titumize Lachisanu la mlungu wotsatira.

Tsono pa ofesi pathu panali lamulo, ndipo analiika ndi a Daka omwe. Ikakwana faifi, zimitsani makina, zulani waya poopa mphenzi ndi magetsi obwera mwaukali, fundikani chitenje poopa fumbi la Kapata. Chibwerere kompyuta ija inali isanagonepo yoyaka.

Tsiku lomwe tinagwirizanalo, masana, kunabwera uthenga woti azakhali anga a Sesiliya atisiya ku Madzimoyo. Ndinangotola chikwama n'kuthamanga, makina ndawaiwala ali chiyakire. Mwamwayi wosowa, magetsi nawonso sanazime masiku atatu onsewo. Pobwera Lolemba masana ndinapeza kompyuta itauma gwa. Kudina apa, zii. Kudina apo, zii. Pagalasi panali mawu okha oti memore yatha.

Yatha bwanji, popanda munthu woigwiritsa ntchito? Ndinaiyatsanso, n'kuika kamzere koti kazindiuza ola lililonse mapeji otsala. M'mawa analipo ambiri. Pofika masana ena anali atasowa. Ndinatseka mapulogalamu onse kuti abweze zimene anabwereka, koma osowawo sanabwerere.

Masiku awiri ndinatsata mapepala a a Daka ndi chala, kudzifunsa pa mzere uliwonse kuti peji ili latengedwa, nanga libwezedwa pati. Ndinachipeza pa mzere wa 148. Memore ikachepa, kenelo inkatenga peji limodzi kuti isamutsire zina pa diski. Ikapeza diski yatanganidwa, inkati ndibweranso, n'kutuluka, peji lija osalibweza. Zimenezi zinkachitika mwa apo ndi apo. Pa tsiku limodzi zotayika zinali zochepa, ndipo ife tikazimitsa faifi zonse zinkabwerera m'malo. Chitenje chathu chija n'chimene chinkabisa matenda. Koma anthu amene tinkafuna kuwatumizirawo makina awo amayaka miyezi osazima. Akanaziona pa mlungu umodzi, ndipo dzina la a Daka likanasekedwa m'maiko amene iwo sanapondeko.

Kukonza kwake kunali kwa mzere umodzi basi. Chovuta chinali kukamwa kwanga. Ine Tamiwe, amene anandiphunzitsa kugawa teni ndi thuu, ndiime pamaso pawo n'kunena kuti aphunzitsi mwalakwitsa? Kwathu sitinaleredwe choncho. Mkulu akagwa m'matope umayang'ana kumbali, kenako n'kumupatsa madzi ngati sunaone kanthu. Ndinachita mantha, ndisaname. Ndiye ndinaonjeza mzerewo mwakabisira, n'kuwasiya makina oyaka kufikira Lachisanu. Peji ngakhale limodzi silinasowe. Ndinasindikiza mapepala atsopano, ndili kudziyamikira kuti ndapulumutsa dzina la mkulu popanda kumuchititsa manyazi.

Lachisanu a Daka anafika atavala jekete ndi tayi ngati akupita ku ukwati. Anakhala pafupi ndi zenera, natulutsa rula yawo yamatabwa, nayamba kutsika nayo mzere ndi mzere, nkhope ili pafupi kwambiri ndi pepala, milomo ikugwedera. Ine ndinayesa akuwerenga mawu, osadziwa kuti akuwerengera kuchuluka kwa mizere. Atafika pansi anatembenukira kwa ine.

"Tamiwe, ine ndinalemba 212. Pano pali 213. Kodi mizere imaswana?"

Ndinati mwina pulinta yabwereza penapake. Anandiyang'ana ndi diso lija la ku Chiparamba, ndipo bodza linandithera pakhosi. Ndinaulula zonse: za maliro, za makina ouma, za peji losabwerera. Ndinkayembekeza kuti akwiyira kulakwa kwawo, kapena atsutsa. Iwo anangofunsa mafunso atatu a ntchito, nagwedeza mutu.

"Wapeza bwino," anatero. "Ine sindikanachiona. Koma unafuna nditumize ndisakudziwa?"

"Ndinaopa kukuchititsani manyazi, aphunzitsi."

"Manyazi!" Anavula magalasi, nawaika pa tebulo. "Ukudziwa chifukwa chake ndimawerengera mizere ndi rula? Chifukwa zilembo zake sindikuzionanso bwino. Diso lakumanzereli latsala la mwambo chabe, lakumanjali likutsatira. Adokotala anandiuza chaka chatha. Akazi anga okha kunyumba ndi amene akudziwa."

Miyezi yonseyo ndinkaseka mumtima mmene ankanunkhizira mapepala, ndikuyesa ndi khalidwe la ukalamba chabe.

"Ulemu ndili nawo wokwana," anapitiriza motsitsa mawu. "Aliyense mu Kapata muno amandivulira chipewa. Kwa iwe ndinabwera kudzapempha maso. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana wanga. Ukayamba kundikonzera zinthu kuseri, ndidzadziwa bwanji tsiku limene ndasiya kukhoza? Ndidzakhala ndikuyenda m'tauni muno ndi tayi, anthu akundinamiza."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mitanda yonse imene anandilembera ndili mwana. Ndinkayesa ndawalemekeza, chonsecho ndinali nditawaika m'gulu la anthu osafunikanso kuuzidwa zoona. Ndinapepesa misozi ili mbwembwembwe.

Anandituma kukatenga mapepala akale aja, a mizere 212. Kenako anapisa m'thumba la jekete, natulutsa cholembera chofiira, nandipatsa.

"Chonga."

"Aphunzitsi..."

"Ndati chonga. Ulembenso m'mbalimo chimene chalakwika, ndi mawu omveka. Tikatumiza, tiwauzenso anthuwo kuti vuto linalipo, analipeza ndani, ndipo linabisala chifukwa chiyani. Mwina kuli ena amene amafundika chitenje ngati ife."

Ndinafunafuna mzere wa 148, n'kulemba kamtanda kakang'ono pambali pake. Iwo ananyamula pepalalo, nalipendeketsera ku kuwala kwa zenera, nalibweretsa pafupi ndi diso lakumanja. Analisaka nthawi ndithu. Kenako anandibwezera.

"Sindikuuona, Tamiwe," anatero. "Lemba waukulu."