Injini ya m'Thumba la Feteleza

A Esau anaona masamba atayalidwa pamsewu adakali pamtunda, ndipo anazimitsa njinga pomwepo. Moyo wawo wonse anayendera yakapalasa, ndipo pamaliro munthu amatsika, kuvula chipewa, n'kudutsa akukankha. Sanaganize kuti yamoto ingakhale ndi mwambo wina. Anatsika, nakoleka chipewa pahandulo, nayamba kukankha. Mwera unkawomba kuchokera kumudziko, ukuwaponyera fumbi m'maso pamodzi ndi nyimbo ya amayi a Mvano.

Njingayo anali atangoitenga m'mawa womwewo kwa Yobu, wowotcherera zitsulo wa pa Chamama. Chimwalirireni akazi awo, ntchito zonse zinagwera iwo, ndipo maondo anayamba kukana kupalasa. Njinga yatsopano ya m'shopu mtengo wake unaposa fodya wawo yense wa chaka chimenecho, choncho anapangana ndi Yobu kuti aimange pang'onopang'ono. Felemu inachokera kunjinga ina imene inagundidwa ndi lole. Matayala anapezeka pamsika. Kaliyala Yobu anaitalikitsa mpaka inatuluka kumbuyo ngati benchi, kuti belo la fodya lizigona bwino. Zimenezi zinadya mabelo awiri, mbuzi zonse za m'khola, ndi makina osokera a malemu. Chinatsala ndi injini, ndipo injini yabwino inkafuna belo lina limene iwo analibe.

Tsiku lina atakhala pashedi ya Yobu, kunabwera munthu wachipewa chaubweya akukankha kapalasa, pakaliyala pali thumba la feteleza lolemera. Anati wachokera kumaesiteti. M'thumbamo munali injini, ndipo ekizozi yake inali yomangiriridwa pambali ndi mphira. Mtengo umene anatchula sunafike ngakhale theka la belo. Yobu anawakokera a Esau kuseri kwa shedi, nawauza kuti pamalo pa nambala ya injini papalidwa, kuti munthuyo sakumudziwa, ndiponso kuti katundu amene mwini wake sakufuna kunenerera mtengo iye samukonda. A Esau anamvetsera mpaka anamaliza.

"Ikani," anatero.

Yobu anaika. Inalira pa kiki yoyamba. Koma inali ndi khalidwe lake: ukachepetsa moto, ekizozi inkaimba likhweru lalitali, kenako n'kuphulika kawiri ngati chimanga chokazinga. Yobu anati wina anaiboola dala, za anyamata, ndipo adzaitseka tsiku lina akadzapeza mpata.

Atayandikira pamudzi wa malirowo, a Esau anaona njinga zamoto zitandanda mbali zonse za msewu, kuyambira pachitsime mpaka pamtengo wa mango. Eni ake anali akabaza, atavala majekete awo owala, ena atamanga tinsalu takuda pamkono. Mnyamata wina wamtali anaima pakati pamsewu ndi nthambi m'manja. Anawapatsa moni mwaulemu, nawauza kuti lero palibe njinga yodutsa. Iliyonse yofika pano iperekeza mnzawo kumanda, ngakhale itakhala ya abusa. Bokosi linali pafupi kutuluka.

A Esau sanatsutse. Anaimika njinga kumapeto kwa mzere.

Akabaza anaizungulira. Wina anagogoda kaliyala nafunsa ngati madala akufuna kunyamulapo banja lonse pamodzi ndi apongozi. Wina anati iyi si njinga, ndi ngolo imene ng'ombe zake zathawa. Anasekera pansi, poti panali pamaliro, kenako anabwerera kunkhani yawo ngati kuti a Esau palibepo.

Womwalirayo anali Lonjezo, wa pa siteji ya pa Chamama. Msika wa fodya utangotsegulidwa, ananyamula munthu wopita kumaesiteti ndipo sanabwerenso. Anamufuna m'madambo ndi m'zipatala momwe. Dzana amayi otola nkhuni ndiwo anamupeza m'chigafa chakale cha fodya chimene denga lake linagwa. Achibale anamuzindikira chifukwa cha jekete. Njinga yake sinapezeke. Wina anati achiwembuwo saigulitsa yathunthu, amaiphwasula, matayala kwina, thanki kwina, injini kwina.

"Aiphwasule," anatero wamtali uja. "Ekizozi ija idzawaulula. Ndani sakuidziwa?"

Anakunga milomo, naimba likhweru lalitali, namenya lilime kawiri.

Anzake anagwedeza mitu. Mmodzi anapukuta maso ndi mkono wa jekete. A Esau analizindikira. Linali likhweru lomwelo. Analimva m'mawa wonse, pabampu iliyonse ndi pokhota paliponse kuchokera kwa Yobu.

Sanayang'ane njinga yawo. Anayang'ana nsapato zawo. Anakumbukira malo akuda amene anatsala pamsewu wa kumsika chaka chatha, pamene anthu anagwira munthu womuganizira kuti waba njinga, namuwotcha. Palibe anamufunsa dzina. Mvula inagwa dzinja lonse koma malowo sanayere. Ndipo apa panali mathanki odzaza mbali zonse, ndi anyamata amene maso awo anali ofiira ndi kulira.

Anaganiza zotembenuza njinga n'kuikankha kubwerera kumtunda. Koma kumbuyo kwawo kunali kutafika zina ziwiri, ndipo munthu wochoka pamaliro bokosi lisanatuluke aliyense amamuona. Anaganiza zoisiya n'kukakhala pakati pa amuna pansi pa mtengo wa mango. Asanasunthe phazi, nyimbo inasintha, amayi anayamba kulira mokweza, ndipo adzukulu anatuluka m'nyumba atanyamula bokosi. Analikweza pagalimoto yaing'ono yotsegula kumbuyo. Wamtali uja anakweza nthambi, ndipo njinga zinayamba kulira, imodzi, ina, kenako zonse, mahutala akuimba.

A Esau anawerama ngati akupinda thalauza kuti lisakodwe m'tcheni. Zala zawo zinapeza kachipewa ka pulagi, kamene Yobu anawauza kuti kakaguluka njinga siilira. Injini inali idakali yotentha ndipo inawaotcha chala, koma anakakoka pang'ono mpaka kanamasuka. Anakwera, naponda kiki. Njinga inangopuma. Anapondanso. Thukuta linkatsika m'khosi ngakhale kunali mwera.

"Madala, tiyeni!" wina anakuwa podutsa.

Anapondanso kuti onse aone, napukusa mutu. Njinga zinkawalambalala, ndipo anayamba kukhulupirira kuti msewu uyera, atsala okha. Koma mmodzi anaima pambali pawo nazimitsa yake. Anali wamfupi, wamapewa otambalala, wosachepera zaka makumi atatu. Poyamba paja sanaseke nawo. Anzake ankamutcha Gomezgani.

"Tsikani, adada, ndione."

A Esau anati palibe kanthu, apite, asachedwe kumanda. Gomezgani anali atagwada kale. Dzanja lake linapita molunjika pa pulagi, ndipo anakankhira kachipewa kaja m'malo mwake mpaka kanagwira. Anati vuto linali lomwelo basi, aponde. Koma iye mwini sanadzuke. Maso ake anali pambali pa injini, pamene zipsepse ziwiri zachitsulo zinali zothyoka. Anapititsapo chala. Anapendeka mutu kuyang'ana pamalo pa nambala. Kenako analondola ekizozi ndi dzanja mpaka kumapeto, napeza timabowo.

Anakhala chigwadire. Mzere wa njinga unali usanathe kutuluka, ndipo omalizira anali pafupi kwambiri moti akanangokweza mkono akanatembenuka.

"Zipsepse izi zinathyoka ine ndilipo," anatero osadzutsa mutu. "Tinagwera limodzi pamlatho wa matabwa. Mwaitenga kuti?"

"Ndinagula."

"Kwa ndani?"

A Esau ankadziwa kuti dzina lililonse limene angatchule, anyamatawa akalipeza lisanalowe dzuwa, ndipo dzina limene anali nalo linali limodzi lokha.

Gomezgani anaseka kuseka kopanda mano. Anamenya kaliyala ndi chikhatho nati kuwotcherera kotere ngakhale mwana wa pa Chamama angakudziwe, ndi kwa Yobu. Anati ndiye kuti Yobu ndi amene amalandira katundu wa anthu akufa, masana akuwapatsa moni pa siteji.

"Iyayi," anatero a Esau. Mawu anatuluka okulirapo kuposa mmene anafunira. "Yobu anandiletsa. Anandionetsa popalidwapo. Ndine ndinakakamira."

Gomezgani anadzutsa mutu, nawayang'ana nthawi yoyamba.

"Mukudziwa chimene mukunena, adada? Mukuwaona awo?"

"Ndikuwaona."

"Ndikangoti bwerani kuno, simufika ndi pachitsime apo."

"Ndikudziwa."

Wamtali uja anali atatembenuka kutsogolo, phazi limodzi pansi, akufunsa ndi dzanja kuti chavuta n'chiyani. Njinga ina inayamba kukhota kuti ibwerere. A Esau anagwira handulo ndi manja onse awiri kuti asagwe. Anamva fungo la petulo, osadziwa ngati likuchokera m'thanki yawo kapena m'mutu mwawo.

Gomezgani anawafunsa msangamsanga, mawu ali pansi, ngati wogulitsayo anamuona nkhope. Iwo anati anamuona. Anali ndi chipewa chaubweya, dzino lakutsogolo lothyoka, ndipo chala chaching'ono cha kumanzere chinali chopindika. Anafunsa ngati angamuzindikire atakumana naye pamsika. Anati angamuzindikire.

Njinga yobwerera ija inafika. Woyendetsa anati aikankhe onse, ilira basi, njinga ya madala isatsale pamaliro a Lonjezo. Anali atatsitsa kale phazi kuti atsike.

Gomezgani anatulutsa sipanala m'thumba la jekete. Anamasula pulagi, naiyang'anitsitsa padzuwa, naiponya m'thumba.

"Yapsa," anatero. "Ngakhale mukankhe mpaka ku Kasungu. Pita, ndikupeza."

Mnyamatayo anayang'ana njinga, nayang'ana a Esau. Maso ake anaima pa ekizozi kanthawi, kapena a Esau anangoganiza choncho. Kenako anakhotetsa, nathamangira anzake.

Gomezgani anadikira mpaka fumbi linawaphimba. Anavula jekete lake lowala naliphimba painjini, nakankhira njingayo kuseri kwa nkhokwe ya pamudzipo, naigoneka pansi. Atabwerako sanawayang'anenso kumaso. Anati sanachite zimenezi chifukwa cha iwo. Iwo akawotchedwa lero, wadzino lothyokayo mawa apha wina. Anati njinga aiiwale, si yawonso, ndipo mawa m'mawa akawapeze kupolisi pamodzi ndi Yobu, akanene zonse zimene anena apa.

"Ndikapanda kukupezani, ndikaiika pulagi, ndikailiza pa siteji. Ndipo kwanu ndikudziwako, kuseri kwa mjigo."

A Esau anavomera ndi mutu.

"Msewu ayi. Ena akubwera m'mbuyomu. Dzerani m'munda."

Anakwera yake, naponda kiki, napita.

A Esau analowa m'munda wa fodya. Masamba anali atathyoledwa kale, kunatsala mitengo yokhayokha yofika m'chiuno, yosabisa ngakhale mbuzi. Dziko lonse linali poyera mpaka kumapiri. Amayi amene anatsala pamudzi kuphika anaimirira n'kumawayang'ana. Mmodzi anafunsa mnzake mokweza kuti bambo aja asiya bwanji njinga, akulowera kuti maliro ali uku. Miyendo inkafuna kuthamanga. Iwo anaikaniza. Anayenda ngati munthu wopita kuthengo, akudumpha mzere umodzi umodzi, msana wonse ukumvetsera.

Kumanda mahutala anasiya. Kunamveka njinga imodzi ikubwerera chakumudzi. Anaima kuseri kwa mkukwe wa chimanga, atagwira phesi, mpaka inadutsa n'kuloza kumtunda. Sanadziwe kuti inali ya ndani.

Kumapeto kwa munda njira inagawika. Yakumanzere inkapita kwawo, ndipo kuseri kwa kwawo kunali msewu wa ku Kaluluma, kumene kunali mlongo wawo ndi anthu osawadziwa. Yakumanja inkabwerera ku Chamama, podzera pa siteji pomwe. Yobu anali asakudziwa kanthu. Mwina pa nthawiyo ankawotcherera khasu la munthu, akuimba, chitseko cha shedi chili pululu.

Anapukuta chala chopsa chija pathalauza. Anakhota kumanja.