Kamzere ka Pamwamba pa Diso

"Mayi wokongolayu ndi ndani?" anafunsa bambo, akukankhira magalasi awo m'mwamba.

Anali atagwira chithunzi chimene ndinali nditangowapatsa. Masabata atatu ndinathera pa chithunzi chimenecho, ine wojambula zithunzi wodzitama kuti palibe nkhope yofufutika ingandikanike. Chinali chithunzi chokhacho cha mayi anga, amene anamwalira ine ndisanayambe kuyankhula. Ndinachipeza pansi pa sutikesi, njenjete zitadya m'makona, ming'alu ili ponseponse. Ndinachilowetsa m'kompyuta n'kumachotsa kadontho kamodzikamodzi mpaka maso kuwawa. Bambo anali atayamba kuiwalaiwala, ndipo ndinkafuna amuonenso mkazi wawo nkhopeyo isanawathawe m'mutu.

Ndiye lero akuti ndi ndani?

Ndinawauza kuti ndi amayi. Anapukusa mutu, nati mkazi wawo amamudziwa, ndisawapusitse ngati mwana. Anandibwezera chithunzicho mwaulemu ngati kalata yosochera.

Zinandiwawa, sindinama, koma chidwi chinaposa kuwawako. Chasowa n'chiyani? Mphuno ndi yomweyo, milomo yomweyo. Kuntchito ndinayika chakale chija pambali pa chatsopano, n'kumayendetsa galasi lokulitsira pang'onopang'ono. Ming'alu yonse inali yokhakhala, ukapititsapo chikhadabo imamveka. Koma kamzere kena pamwamba pa diso lamanzere kanali kosalala, ndipo tsitsi la nsidze linadukira pomwepo. Sikanali ka pepala ayi, kanali ka mayi anga. Ine ndi ukatswiri wangawo ndinali nditafufuta chipsera.

Ndinakabwezeretsa kamzereko, n'kusindikizanso chithunzicho, n'kuchiika m'felemu. M'mawa mwake ndinawapeza bambo pakhonde akuwothera dzuwa, n'kuwapatsa chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kuseka chapansipansi.

"Njinga yangatu iyi, mwanangu," anatero. "Ndinkafuna kumuonetsa kuti ndimatha kupalasa osagwira. Tinakagwera m'ngalande tonse awiri. Magazi ali chuchuchu, iye akungoseka, akuti, 'Poti mwandiwononga nkhope, mundikwatira basi.'"

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndili pa dziko, nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Mafunso anadzaza m'kamwa: mayi ankaseka bwanji, anasoka bala ndani, njingayo inathera kuti. Koma bambo anali ataiwala kale kuti ndilipo. Chala chawo chachikulu chinali pa galasi la felemu, chikusisita kamzere kaja mosamala, ngati pakadali popweteka.